Njira Zotetezera Nyumba kwa Mbava M'dera la Mposa

Mawu Oyamba

Mlimi amagwira ntchito miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti apeze matumba khumi a mpunga, koma mbava zimatha kusamutsa matumbawo usiku umodzi wokha. Banja likaberedwa limataya zambiri kuposa katundu amene wapitayo. Fizi ya ana imasowa, mbewu ya chaka chamawa imasowa, ndipo anthu a m'nyumbamo amakhala nthawi yaitali osagona tulo tabwino. Nthawi zina ubale umasokonekera chifukwa aliyense amayamba kukayikira mnzake. Chimangirizo chino chifotokoza njira zomwe banja lingatsate poteteza nyumba yake kwa mbava, potengera moyo wa anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Mposa m'boma la Machinga ndi madera oyandikana nalo a m'boma la Balaka. Poyamba tiona dera lenilenilo ndi chuma chake. Kenaka tiona zomwe zimachititsa kuti nyumba ina ithyoledwe pamene ina yasiyidwa. Pomaliza tifotokoza zoyenera kuchita pa nyumba, pabwalo, pa katundu ndiponso m'mudzi wonse.

Dera la Mposa ndi Chuma Chake

Dera la Mposa lili kummwera kwa boma la Machinga, pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Machinga mudali anthu 735,438 pamene m'boma la Balaka mudali anthu 438,379. Maboma awiriwa adali boma limodzi mpaka chaka cha 1998 pamene Balaka idapatulidwa, choncho anthu ake amagulitsana malonda ndi kuyenderana kwambiri kudzera m'tauni ya Liwonde.

Chuma cha anthu a kwa Mposa chagona pa zinthu zitatu. Choyamba ndi mpunga, womwe umalimidwa m'madambo a m'mbali mwa nyanja komanso mu sikimu ya Domasi yomwe idakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan. Chachiwiri ndi nsomba za m'nyanja ya Chilwa monga matemba, makumba ndi milamba. Asodzi ambiri amakhala masabata angapo m'zimbowera, timisasa toyandama pa madzi, osabwerera kumudzi. Chachitatu ndi ndalama ndi katundu wochokera kwa achibale omwe adapita kukagwira ntchito ku South Africa, komwe anthu amangoti ku Joni.

Zinthu zitatuzi zili ndi mbali ziwiri zomwe mbava zimazidziwa bwino. Mbali yoyamba ndi yakuti chuma chimabwera pa nthawi yodziwika: aliyense amadziwa kuti m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi m'nyumba zambiri mumakhala mpunga kapena ndalama za mpunga. Mbali yachiwiri ndi yakuti ntchito zomwezi zimachotsa anthu pakhomo, kotero nyumba zambiri zimatsala ndi amayi, ana ndi okalamba. Kuwonjezera apo, nyanja ya Chilwa imaphwa nthawi zina, monga zidachitikira m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Nyanja ikaphwa anthu ambiri amasowa pogwira, ndipo mbuzi kapena thumba la chimanga la mnansi limasanduka yesero lalikulu.

Mawu Okhudza Kuba ndi Zomwe Malamulo Amanena

Chichewa chili ndi mawu ambiri ofotokoza anthu otenga zinthu za eni. Wakuba ndi dzina la onse. Mbala kapena mbava ndi munthu amene kuba kudamulowerera mpaka kusanduka ntchito yake. Chigawenga ndi amene amalanda moopseza ndi zida monga zikwanje kapena mfuti. Palinso mawu ofotokoza kabedwe: kusolola kapena kupisa m'thumba kumachitika pa msika, kuthyola nyumba ndi kuwononga chitseko kapena zenera, ndipo kuboola nyumba ndi kugumula khoma kuti munthu alowe. Kusiyanitsa mawuwa n'kofunika chifukwa mtundu uliwonse wa kuba uli ndi katetezedwe kake.

Malamulo a dziko la Malawi nawonso amasiyanitsa milanduyi. Gawo 309 la malamulo a milandu ndi zilango limanena za kuthyola ndi kulowa m'nyumba yogona anthu ndi cholinga chopalamula mlandu waukulu, ndipo limatchula mosiyana kuthyola kwa masana ndi kwa usiku. Chilango cha mlanduwu n'chachikulu kuposa cha kuba wamba chifukwa wothyola nyumba amaika miyoyo ya eni nyumba pa chiswe. Gawo 328 limanena za kulandira katundu wobedwa. Munthu amene wagula njinga kapena foni akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira, kuti ndi yakuba amakhala wapalamula mlandu ngakhale kuti iye sadathyole nyumba ya munthu.

Zinthu Zitatu Zomwe Zimakumana Kuti Kuba Kuchitike

Anthu ambiri akaberedwa amangoti tsoka silinunkha. Komabe akatswiri ofufuza za umbanda adaonetsa kuti mbava sizingolowa m'nyumba iliyonse mwachisawawa. M'chaka cha 1979, akatswiri awiri a ku America, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, adafotokoza kuti kuba kumachitika pamene zinthu zitatu zakumana pa malo amodzi ndi pa nthawi imodzi. Pamafunika munthu wofuna kuba, katundu wokopa yemwe angatengeke mosavuta, ndiponso kusowa kwa munthu kapena chinthu cholondera. Chimodzi mwa zitatuzi chikachoka, kuba kumavuta.

Ganizo limeneli ndi lothandiza kwa banja la kwa Mposa chifukwa limaonetsa pomwe mphamvu za banjalo zingafike. Mwini nyumba sangathe kusintha mtima wa wakuba, ndiponso sangathetse yekha umphawi wa m'dera lake. Zomwe angathe ndi kuchititsa kuti katundu wake avute kutenga ndi kugulitsa, komanso kuti pakhomo pake pasaoneke ngati palibe woyang'anira. Mbava imaopa zinthu zitatu: kuchedwa, phokoso ndi kuzindikiridwa. Choncho poyesa njira iliyonse ya chitetezo, munthu adzifunse ngati njirayo ichedwetse wakuba, ngati ichititse phokoso, kapena ngati ichititse kuti wakubayo aonedwe. Njira yomwe siyichita chilichonse mwa zitatuzi ndi yongotayitsa ndalama.

Kulimbitsa Chitseko, Mazenera ndi Khoma

Malo oyamba kuwaganizira ndi chitseko. Anthu ambiri amagula loko wamkulu n'kumupachika pa chitseko cha matabwa opyapyala, kapena pa felemu yomwe idadyedwa ndi chiswe. Mbava siilimbana ndi loko woteroyo. Imangolowetsa chitsulo pakati pa chitseko ndi felemu n'kukanula, ndipo misomali imazuka. Chitseko chimalimba molingana ndi mbali yake yofooka kwambiri. Motero felemu iyenera kumangiriridwa bwino m'khoma ndi zitsulo kapena misomali italiitali, ndipo mahinjesi akhale atatu, oikidwa chamkati kuti munthu wa kunja asathe kuwamasula. Kachitsulo kopachikapo loko kamangidwe ndi mabawuti oboola thabwa lonse, omangira mkati. Misomali yongokhomera kunja imazuka ndi hamala wamba.

Usiku, pamene anthu ali m'nyumba, mpiringidzo umaposa maloko ambiri a m'sitolo. Mtengo wolimba kapena chitsulo chopingasa kuseri kwa chitseko, cholowa m'khoma mbali zonse ziwiri, sichioneka kwa munthu wa kunja ndipo sichingathyoledwe popanda phokoso lalikulu. Makolo athu ankagwiritsa ntchito njira imeneyi kalekale ndipo mtengo wake ndi wochepa. Chitseko cha kuseri chisaiwalike, chifukwa nthawi zambiri n'chomwe chimakhala chofooka komanso chobisika kwa anthu odutsa m'njira. Makiyi asasiyidwe pansi pa mwala, pamwamba pa felemu kapena m'munsi mwa mtondo, pakuti malo amenewa ndi oyamba kufufuzidwa. Kiyi akatayika ndi bwino kusintha loko.

Mazenera amafunika zitsulo zotchinga zomwe mipata yake ndi yaing'ono moti ngakhale mwana sangadutse, chifukwa mbava zina zimalowetsa mwana kuti akatsekule chitseko. Zitsulozo zilowe m'khoma kapena ziwotchereredwe ku felemu yachitsulo. Foni, wailesi ndi zovala zisaikidwe pafupi ndi zenera, popeza wakuba amatha kuzikola ndi ndodo ali panja. Komabe pali chenjezo lofunika: nyumba yotchingidwa ndi zitsulo paliponse imasanduka msampha moto ukabuka, makamaka ngati ili yofolera ndi udzu. Aliyense wa m'nyumbamo, ndi ana omwe, adziwe pomwe pamakhala kiyi usiku ndiponso njira yotulukira msanga.

Khoma nalo limafuna chisamaliro. Nyumba za zidina, kapena za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, zimabooleka mosavuta. Wakuba amathira madzi pa khoma kuti dothi lifewe, kenaka amachotsa njerwa imodziimodzi mwakachetechete, makamaka usiku wa mvula pamene phokoso la pa malata limabisa zonse. Amene sangathe kupaka simenti nyumba yonse ayambe ndi chipinda chosungiramo mbewu ndi katundu wa mtengo wapatali. Matumba a mpunga asatsamire khoma la kunja. Aikidwe pa thandala pakati pa chipinda, zomwe zimathandizanso kuti asachite chinyezi. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga utsekedwe, ndipo malata akhomedwe bwino m'mphepete kuti asakanulidwe.

Pabwalo pa Nyumba

Chitetezo chabwino chimayambira kutali ndi chitseko. Mpanda wa udzu kapena wa bango, womwe ndi wofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, umasonyeza malire a khomo ndipo umachititsa kuti mlendo wolowa afunsidwe. Mpanda wa mitengo yaminga, khonje kapena nkhadze umavuta kudutsa ndipo suwola, ngakhale kuti utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Koma mpanda wautali kwambiri uli ndi vuto lake. Wakuba akangolowa amagwira ntchito yake momasuka chifukwa anansi sangamuone. M'matauni monga Liwonde ndi Balaka, anthu ena amamanga mipanda ya njerwa italiitali n'kumaganiza kuti atha nazo, pamene adzipatula kwa anthu omwe akadawathandiza. Mpanda wabwino ndi wochedwetsa wolowa koma wosatsekereza maso ndi makutu a anansi.

Tchire la pafupi ndi nyumba lilambulidwe, ndipo makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi makwerero zisagone panja chifukwa wakuba amathyolera nyumba zida za mwini wake yemwe. Galu ndi mlonda wodalirika chifukwa cha kuuwa kwake, koma afunika kudyetsedwa mokwanira kuti asatengeke ndi nyama ya mlendo, ndiponso abayidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Mabanja omwe sasunga agalu pa zifukwa za chipembedzo kapena zina angathe kuweta nkhanga, zomwe zimachita phokoso zikaona chachilendo, kapena kumangirira zitini zokhala ndi timiyala kuseri kwa chitseko ndi pa khomo la khola.

Kuwala kumathandizanso. Nyali za sola zafala m'midzi ndipo imodzi yoikidwa pamwamba, younikira chitseko ndi khola, imachititsa wakuba kuopa kuzindikiridwa. Sola yeniyeniyo imakopanso mbava, choncho imangidwe mu felemu yachitsulo pa denga kapena izilowetsedwa m'nyumba madzulo. Khola la mbuzi likhale pafupi ndi zenera la chipinda chogona, ndipo khomo lake liyang'ane ku nyumba. Mabanja ambiri adasiya kusunga chimanga m'nkhokwe za panja, makamaka kuchokera pa njala ya chaka cha 2002 pamene kuba chakudya kudakula kwambiri, ndipo tsopano amasunga m'matumba m'nyumba. Izi zikutanthauza kuti nyumba yogona yasanduka nkhokwe, motero iyenera kulimbitsidwa ngati nkhokwe.

Kusamala Katundu ndi Ndalama

Mbava imakonda katundu wopepuka, wamtengo wapatali ndiponso wogulitsika msanga. Kwa Mposa katundu wotere ndi mafoni, mabatire, masola, njinga zakapalasa, njinga zamoto za kabaza, maukonde, mbuzi ndi mpunga. Katunduyu angathe kufika pa msika wakutali m'mawa womwewo, ndipo mwini wake akamupeza amalephera kupereka umboni woti ndi wake. N'chifukwa chake kulemba ndi kuika zizindikiro kuli kofunika. Njinga iliyonse ili ndi nambala yodindidwa pa felemu, kawirikawiri kunsi kwa pomwe pamazungulira mapedulo. Njinga yamoto ili ndi nambala ya injini ndi ya felemu, ndipo ikalembetsedwa ku boma imavuta kugulitsa mwachinyengo. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yotchedwa IMEI, yomwe imaoneka munthu akaimba *#06#. Manambala onsewa alembedwe m'kope, ndipo kopelo lisungidwe pamodzi ndi malisiti pa malo ena osiyana ndi pomwe pali katunduyo. Matumba, masola ndi mabatire alembedwe dzina ndi penti, ndipo ziweto zikhale ndi chizindikiro chomwe anansi ndi nyakwawa akuchidziwa.

Ndalama ndiye katundu woopsa kwambiri kusunga m'nyumba chifukwa zilibe chizindikiro cha mwini. Kale mlimi akagulitsa mpunga ankakwirira ndalama mu mphika kapena kuziika kunsi kwa mphasa popeza mabanki adali kutali. Lero zinthu zidasintha. Airtel Money idayamba m'chaka cha 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira m'chaka cha 2013, kotero mlimi angathe kulandira kapena kusunga ndalama zake mu foni tsiku lomwelo. Foni ikabedwa ndalama zimatsala, malinga ngati nambala yachinsinsi siidaululidwe kwa wina aliyense. Nambalayi isalembedwe pa chikwama cha foni, ndipo isaperekedwe kwa munthu woimba foni amene akudzitcha wogwira ntchito ku kampani. Magulu a banki m'khonde nawo asamale ndi bokosi lawo, makamaka pamene tsiku logawana layandikira. Bokosi likhale ndi maloko angapo omwe makiyi ake ali ndi anthu osiyanasiyana, ndipo ndalama zikachuluka zikasungidwe ku banki.

Pakamwa ndi Nthawi

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Nthawi zambiri mbava imadziwa chomwe chili m'nyumba isanafike, ndipo imamva kuchokera kwa eni ake omwe. Bambo akamadzitama pa bawo kuti wagulitsa matumba makumi awiri, kapena mwana akamauza anzake kuti katundu wa ku Joni wafika, uthengawo umayenda kutali. Masiku ano ena amajambula katundu wawo n'kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ena mpaka kulengeza kuti banja lonse lili pa ulendo. Makatoni a wailesi ya kanema kapena a sola akatayidwa pa dzala amalengezanso chimodzimodzi. Ana aphunzitsidwe kusayankha mlendo wofunsa komwe makolo apita ndi tsiku lomwe abwere.

Nthawi zomwe mudzi umatsala wopanda anthu zimadziwika: pa maliro, pa sadaka, pa ukwati, pa tsiku la msika, pa mapemphero a Lachisanu ku mzikiti kapena a Lamulungu ku tchalitchi, pa mapemphero a usiku m'mwezi wa Ramadan, pa zikondwerero za kutuluka kwa anamwali, ndiponso pa nyengo yoinga mbalame ndi yokolola mpunga. Mabanja oyandikana angathe kugwirizana kuti munthu wamkulu mmodzi azitsala mosinthana kuti ayang'anire makomo atatu kapena anayi. Wopita kutali auze mnansi wodalirika, ndipo mnansiyo azisesa pabwalo ndi kuyatsa nyali madzulo kuti pakhomo pazioneka kuti pali anthu.

Anthu ena amadalira kutsirika nyumba kapena kuika chambu m'munda. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi mizu yozama pa chikhalidwe chathu, ndipo n'zoona kuti wakuba amene amachikhulupirira angathe kuchita mantha. Vuto limabwera pamene mwini nyumba wasiya kukonza chitseko chifukwa chodalira mankhwala, kapena pamene kuombeza kwaloza munthu wosalakwa n'kuyambitsa chidani pa mudzi.

Chitetezo cha M'mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Nyumba ingalimbe bwanji, mbava zikakhala ndi nthawi yokwanira zimalowa ndithu. Chomwe chimazichepetsera nthawi ndi anansi. Dziko la Malawi lidaona kufunika kwa zimenezi m'zaka za m'ma 1990. Nkhondo ya ku Mozambique itatha m'chaka cha 1992, ndiponso gulu la Malawi Young Pioneers litalandidwa zida mu Disembala 1993, mfuti zidapezeka m'manja mwa anthu wamba ndipo umbanda udakula, makamaka m'madera oyandikana ndi malire. M'chaka cha 1997 apolisi adayambitsa ndondomeko yogwirira ntchito limodzi ndi anthu, ndipo lamulo la apolisi la chaka cha 2010 lidaipatsa maziko m'malamulo. Pansi pa ndondomekoyi pamakhala makomiti oletsa umbanda kuyambira pa mudzi, kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu, komanso magulu olondera usiku.

Maiko enanso adayesa njira yodalira anansi ndipo idapindula. M'dera la Kirkholt, m'tauni ya Rochdale ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza adapeza kuti nyumba yomwe yathyoledwa kamodzi imakhala pa chiopsezo chachikulu chothyoledwanso. Iwo adayamba kulimbitsa msanga nyumba zoberedwa, kuchotsa m'nyumba mamita a magetsi ndi gasi oponyamo ndalama omwe ankakopa mbava, ndi kupempha anansi oyandikana kwambiri kuti aziyang'anira nyumba yoberedwayo. M'zaka zitatu kuthyola nyumba kudatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi. Phunziroli likugwirizana ndi mwambi wathu wakuti mvula ikakuona litsiro siikata. Wakuba amabwerera chifukwa njira akuidziwa, ndipo amadziwa kuti mwini nyumba agula katundu wina. Choncho banja loberedwa likonze pomwe padathyoledwa tsiku lomwelo, ndipo mudzi uliyang'anire mwapadera kwa masabata angapo. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Kuti gulu lolondera lipindule, pafunika zinthu zingapo. Anthu ake asankhidwe poyera pamaso pa nyakwawa ndipo adziwike ku polisi, chifukwa gulu losayang'aniridwa lingathe kulowereredwa ndi mbava zomwe. Zopereka za mabanja zilembedwe ndi kuwerengedwa pa msonkhano. Olondera akhale ndi matochi, mawezulo ndi foni, ndipo mudzi wonse ugwirizane chizindikiro chimodzi chodziwitsa kuti kwagwa zoopsa. Njira ndi nthawi zoyendera zizisinthidwa. Chovuta kwambiri ndi chakuti wakuba nthawi zambiri amakhala mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mudzi womwe umabisa ana ake akuba, kapena womwe umagula katundu wotchipa mosafunsa komwe wachokera, umadziitanira mbava wokha.

Mbava Zikalowa Kapena Zikagwidwa

Moyo ndi wofunika kuposa katundu. Munthu akamva kuti mbava zili panja, ayatse nyali, aimbe wezulo kapena akuwe ali m'kati, ndipo aimbire foni anansi. Kutuluka yekha mu mdima ndi kudziika pa ngozi popeza sadziwa kuchuluka kwa anthuwo ndi zida zomwe anyamula. Ngati zalowa kale ndi zida, ndi bwino kusalimbana nazo koma kuyesetsa kukumbukira maonekedwe, mawu ndi komwe zalowera. Kukacha, malo othyoledwa asasokonezedwe ndipo mapazi asafufutidwe. Nkhani ikaperekedwe kwa nyakwawa ndi ku polisi msanga, pamodzi ndi manambala a katundu. Ngakhale zobedwa zikhale zochepa, kudziwitsa apolisi kumathandiza kuti aone madera omwe avuta.

Wakuba akagwidwa, malamulo amalola anthu wamba kumugwira koma amalamula kuti aperekedwe kwa apolisi mosachedwa. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 1994 amateteza moyo wa munthu aliyense, ndipo gawo 42 limati womangidwa aonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48, ndiponso kuti munthu ndi wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Kumenya, kudula ziwalo kapena kutentha woganiziridwa ndi mlandu waukulu. Gulu lokwiya silifufuza. M'chaka cha 2017, mphekesera za anamapopa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zidaphetsa anthu angapo popanda umboni uliwonse. Komanso wakuba akaphedwa, anzake ndi ogula katundu wake sadziwikanso. Anthu amakhumudwa akaona woganiziridwa watuluka pa belo, koma belo siitanthauza kuti mlandu watha. Mlandu umalimba pamene mboni zapita kukapereka umboni ku bwalo.

Mawu Omaliza

Chimangirizo chino chaonetsa kuti kuba kumachitika pamene wofuna kuba, katundu wokopa ndi kusowa kwa wolondera zakumana, ndipo kuti banja lingathe kuchitapo kanthu pa ziwiri mwa zitatuzi. Kwa Mposa, komwe chuma chimabwera pa nyengo yodziwika ndipo ntchito zimachotsa anthu pakhomo, njira zambiri zothandiza ndi zotsika mtengo: mpiringidzo, mabawuti a pa chitseko, kope la manambala, nyali ya sola, kusunga ndalama mu foni ndi kusamala pakamwa. Banja liyambe ndi pomwe pali pofooka kwambiri, ndipo lichite zimenezi mpunga usanakololedwe. Njira zonsezi zimangochedwetsa mbava ndi kuichititsa phokoso. Amene amamva phokosolo n'kutuluka ndi tochi ndi mnansi, choncho ubale wabwino ndi anthu oyandikana nawo, komiti yachilungamo ya m'mudzi ndi mgwirizano ndi apolisi ndi zomwe zimapatsa mphamvu maloko ndi mipanda yathu.